Mkombero wa lichero la malume

Mayi wodziwa kupeta sagula lichero mothamanga. Amalinyamula, n'kulitembenuza, n'kuliloza kudzuwa. Akaona timaso ta kuwala tikudutsa, amalibwezera pansi mwakachetechete, chifukwa akudziwa kuti podutsa dzuwa padzadutsanso misere. Likapambana pamenepo, amagwira mkombero ndi manja awiri n'kuupinda pang'ono, khutu lili tcheru kumvetsera ngati ukulira. Kenako amayendetsa chikhatho pamwamba pake kufufuza kachitsotso kamene kangadzamubaye chala tsiku lina akusankha nyemba. Mtengo amaufunsa pomalizira.

Mayeso amenewa ndawaonerera kambirimbiri nditakhala pambali pa malume anga, amene amaluka malichero kwathu ku Ntcheu. Iwo sanena kanthu wogula akamafufuza katundu wawo. Amangoyang'ana kumbali ngati lichero si lawo, poti ntchito yonse yokopa wogulayo anaimaliza kale pakhonde masiku angapo apitawo.

Malume ndi mlimi wa chimanga ndi mbatata ya kachewere. Kuluka anaphunzira ali mnyamata kwa bambo awo, koma anakusiya zaka zambiri, n'kumangoluka lichero limodzi la pakhomo lakale likatha. Chinawabwezera ku nsungwi ndi mavuto amene anagwera aliyense mu November 2023, pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Thumba la feteleza linakwera, sopo ndi shuga zinakwera, ndipo mwana wawo wotsiriza anali ku sekondale. Ndalama ya kumunda imabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, pamene zofunika pakhomo zimagogoda tsiku lililonse. Anthu ambiri akaganiza zoyamba geni amayamba n'kudandaula za mpamba. Malume atawerenga zimene anali nazo anapeza chikwanje, mpeni, mwala wonolera, msomali wautali umene anausongola okha, ndi luso limene linangogona m'manja. Zinakwana kuyambira.

Lichero limayambira patsinde la nsungwi. Ndinawaperekeza tsiku lina kukadula, ndipo ndinadabwa kuona kuti pa nsungwi makumi angapo zimene zinali patsinde limodzi anasankhapo zinayi zokha. Yanthete, yobiriwira bwino ngati yosiririka, anaidutsa. Nsungwi yotero ili ndi madzi ambiri. Ikauma imanyala, ndipo lichero limene linali lothina limayamba kuonetsa mano. Yokalamba kwambiri anaisiyanso, chifukwa imathyoka m'malo mopindika. Ankafuna yokhwima pakatikati, yowongoka, ya mfundo zotalikirana. Ankaigogoda ndi msana wa chikwanje n'kumvetsera kulira kwake.

"Mphwanga, nsungwi imanena yokha zaka zake," anandiuza. "Iwe ungophunzira kumva."

Amakonda kudula m'chilimwe, mvula itasiya, chifukwa nsungwi yodula nthawi ya dzinja imafumbwa msanga. Tizilombo timene timaiboola timatsata zotsekemera za m'kati mwake, ndipo wogula akadzaona kaufa kakugwa m'lichero patangopita miyezi itatu sadzabweranso. Podula, amadula m'munsi, pamwamba pa mfundo, kuti chitsa chisasunge madzi n'kuwoletsa tsinde. Sadula m'nkhalango ya boma, kumene lamulo la zankhalango la 1997 limafuna chilolezo. Amagula kwa mnzawo amene ali ndi nsungwi m'mbali mwa dimba, ndipo chaka chomwe anayambiranso kuluka anadzala zawo m'mphepete mwa khwawa, ngakhale akudziwa kuti padzapita zaka asanadulepo yoyamba.

Ntchito imene imadya nthawi yambiri ndi imene wogula saiona n'komwe: kung'amba ndi kupala. Amaika chikwanje pamutu pa nsungwi, n'kumenya kamodzi, nsungwi n'kutseguka pawiri. Mbali iliyonse amaing'ambanso pawiri, kenako pawirinso, mpaka atapeza timizere topyapyala. Nsungwi ikamang'ambika imakonda kuthawira mbali imodzi, makamaka ikafika pamfundo. Malume saikakamiza ndi mpeni. Amangopinda mbali yokhuthalayo pang'ono ndi dzanja lamanzere, mng'alu n'kubwerera pakati wokha. Kuwaona akuchita zimenezi kuli ngati kuona munthu akuwongolera ng'ombe pangolo ndi mawu okha, chikwapu chili pansi.

Akatero amakhala pampando wawo waufupi, n'kuyala chigamba cha thumba pantchafu. Mpeni amaugoneka pachigambapo osausuntha, ndipo chimene chimayenda ndi kamzere ka nsungwi, kamene amakakoka pansi pa mpeniwo. Zopalidwa zimagwa zopotanapotana n'kuunjikana pamapazi awo. Amachotsa chofewa cha m'kati, chimene chilibe mphamvu, n'kusiya mbali ya kukhungu imene ili yolimba ndi yosalala. Maso awo nthawi zambiri amakhala kwina, pa nkhuku kapena pa munthu wodutsa m'njira, chifukwa muyeso uli pachala chachikulu. Kamzere kakadutsa pakati pa zala ziwiri amadziwa pomwepo ngati kakhuthala mbali ina. Ndinatolapo timizere khumi n'kutisanjikiza: tonse tinali tofanana ngati tatuluka m'makina. Apa ndi pamene pagona ubwino wa lichero. Timizere tikasiyana makulidwe, ngakhale woluka akhale katswiri wotani, mipata imatsala.

Kuluka kwenikweni amayambira pansi. Amawaza madzi patimizere kuti tifewe, n'kuyala tingapo mondondozana, n'kutiponda ndi phazi. Kenako amalowetsa topingasa, kamodzikamodzi. Saluka modumpha kamodzi n'kulowa kamodzi ngati mmene ana amalukira mapepala kusukulu. Amadumpha tingapo n'kulowa pansi pa tingapo, ndipo mzere wotsatira amayambira patsogolo pang'ono, kotero kuti pamwamba pa lichero pamatuluka mizere yopendekera yonga masitepe. Kalukidwe kameneka kamalola timizere kuyandikana kwambiri popanda kuthyoka, komanso kamachititsa kuti cholukidwacho chivomere kupindika pamene chikulowa mumkombero. Akalowetsa kamzere kalikonse amakagogoda ndi msana wa mpeni, go, go, go, mpaka katakumbatirana ndi kanzake. Wina akawalankhula ali pakati pa mzere sayankha kufikira atafika kumapeto, chifukwa akaphonya chiwerengero pamodzi, cholakwacho chimayenda mpaka m'mphepete ndipo mayi aliyense adzachiona.

Kukongoletsa kwawo n'kochepa. Nthawi zina amatembenuza timizere tina kuti khungu liyang'ane m'mwamba, n'kutulutsa mabokosi a mitundu iwiri pakati pa lichero. Utoto sapaka pa lichero lopetera. Amati chimene chikhudze chakudya cha ana chikhale choyera.

Ndiye pamabwera mkombero, umene kwa ine ndiwo mtima wa ntchito yonseyi. Pofika apa chimene chili m'manja mwawo ndi kamphasa chabe ka ngodya zinayi. Amatenga nsungwi yokhuthala, n'kuipala, n'kuipinda pang'onopang'ono pabondo, malo ouma akuwayandikiza kumoto kuti avomere. Amapanga mikombero iwiri, wakunja ndi wam'kati. Kamphasa kaja amakanyowetsa, n'kukaika pamwamba pa mkombero wakunja, n'kukakanikiza ndi chidendene ndi zikhatho mpaka katalowa n'kupanga chibeseni chosaya. Kuzama kwake kuli ndi malire. Likazama kwambiri, mphale siidumpha bwino popeta. Likakhala lathyathyathya, zinthu zimatayikira m'mbali. Akakhutira amalowetsa mkombero wam'kati, n'kudula zotsalira zonse, n'kuyamba kusoka: kuboola ndi msomali uja, kulowetsa chingwe, kukoka mpaka mitsempha ya padzanja itatuluka, kusuntha pang'ono, kuboolanso.

Pamene nsonga ziwiri za mkombero zimakumana ndi pamene malichero ambiri amafera. Woluka wothamangira msika amangozigundanitsa n'kumanga. Malume amasenga nsonga zonse ziwiri mopendekera, motalika ngati chikhatho, kuti zikagonerana zikhale ngati nsungwi imodzi. Polumikiza mkombero wam'kati amapaika mbali ina, kutali ndi polumikiza wakunja, kuti malo ofooka awiri asakhale pamodzi. Ukayendetsa chala kuzungulira lichero lawo sudziwa pamene mkombero wayambira. Zimenezi zimawatengera mwina ola lina lowonjezera, ndipo palibe wogula amene amalipira ola limenelo padera.

Munthu angafunse chifukwa chake lichero likadali ndi msika pamene mabeseni a pulasitiki adzaza m'magolosale. Yankho lili m'manja mwa mayi amene akupeta. Pulasitiki ndi yoterera, ndiye mphale ndi gaga zimatsetsereka limodzi. Lichero lili ndi timizeremizere timene timagwira zolemera pamene zopepuka zikuthamangira kutsogolo, ndipo limanjanja pang'ono ngati likuthandiza dzanja kuponya. Limapumanso, n'chifukwa chake amayanikapo masamba a mfutso ndi therere. Paukwati ndi pachinkhoswe ndi lomwe limalandira ndalama za perekaniperekani. Malinga ngati Amalawi akudya nsima ndi kukwatira, lichero lili ndi ntchito.

Malume anaganizapo za misika ina. Amadziwa kuti ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi luso a KuNgoni mu 1976, osema ziboliboli akhala akudyetsa mabanja awo ndi ntchito ya manja. Amadziwanso za oluka madengu, zipewa ndi mikeka ya mlaza amene amayala katundu m'mbali mwa msewu wopita ku Salima kudikira apaulendo. Iwo anasankha msika wa anthu oyandikana nawo. Mlendo amagula kamodzi n'kupita, ndipo chimene wagula amakachipachika pakhoma. Mayi wa m'mudzi amaligwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo, ndipo likamusangalatsa amauza anzake kumjigo ndi kuchigayo. Ndi wogula wovuta kumukhutiritsa, koma ukamukhutiritsa wapeza msika wa zaka.

Nyengo amaiwerenga ngati mlimi. Malichero amayenda kwambiri anthu akamakolola, kuyambira mu April, pamene pakhomo paliponse pali chopeta ndipo m'thumba muli kandalama. Amayendanso m'miyezi ya maukwati. M'dzinja, khasu likawaitana ndipo anthu akusunga ndalama yogulira chimanga, amaluka pang'ono. Choncho timizere tambiri amapaliratu m'chilimwe n'kutimanga m'mitolo, n'kutisanjika pamwamba m'khitchini pamene utsi umatiteteza ku tizilombo. Ena amawatengera pamsika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, ena amagulidwira pakhomo. Achibale a m'tauni akaona zithunzi pa WhatsApp amatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, malichero n'kukwera minibasi.

Chinawavuta poyamba ndi mtengo. Popeza nsungwi sanagule modula, ankaona ngati chilichonse chimene alandira ndi phindu. Mavenda ogula mopikulitsa anazindikira msanga kufatsa kwawo. Amene anawatsegula maso ndi akazi awo, amene ali m'gulu la banki mkhonde ndipo anazolowera kuwerengera ndalama iliyonse.

"Abambo, tsiku lija munapita kukadula munadya chiyani? Masiku awiri opala aja, mukanapita kuganyu akanakupatsani zingati? Zimenezo muziziika m'lichero."

Kuyambira pamenepo amawerenga masiku a ntchito asanatchule mtengo. Wogula akati, "Tsitsaniko, bambo," amatsitsa pang'ono, monga mwa ulemu wa pamsika, koma pali pamene amaima. Ndalama ya malichero saisakaniza ndi ya kumunda. Gawo lina limapita ku banki mkhonde, lina ku fizi, lina kukagula nsungwi zina. Sinawalemeretse, ndipo iwo sanena kuti inawalemeretsa. Koma mwana sanabwezedwe kusukulu, ndipo chimanga cha m'nkhokwe sichinagulitsidwe pamtengo wolira pofuna ndalama ya mchere. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndimamva chisoni ndikamva achinyamata akunena kuti kuluka ndi ntchito ya okalamba kapena ya anthu osowa chochita. M'lichero limodzi muli kudziwa mbewu, kudziwa nyengo, masamu a kuwerenga timizere, ndi dzanja lophunzitsidwa zaka. Amene akufuna kuyamba geni ya pakhomo, kaya ndi yosoka, youmba mbaula kapena yoluka zipewa, angaphunzire kwa malume kuti malonda amayamba katundu asanafike pamsika, pamalo pamene ukanatha kubera osagwidwa koma n'kusankha kuchita bwino.

Ulendo wanga womaliza kumudzi ndinapeza mayi wina wa kutsidya kwa dambo atakhala pamkeka, lichero lili pamiyendo. Linali litada ndi utsi, pakati pake patasalala ndi kupeta kwa zokolola ziwiri. Mbuzi inali italiponda, ndipo chingwe chinaduka malo amodzi. Malume analitenga, n'kuliloza kudzuwa monga amachitira ogula aja. Kuwala sikunadutse. Anatenga msomali wawo, n'kusoka malo odukawo, n'kulibweza.

"Ndikupatseni zingati, achimwene?"

"Ayi, mayi, limenelo munalipira kale."

Mayiyo anawomba m'manja, n'kuliika pamutu. Atafika pachipata anatembenuka n'kunena kuti mwana wawo wamkazi akulowa m'banja mu September, ndipo adzafuna awiri, lalikulu ndi laling'ono. Malume anavomera ndi mutu, n'kuyalanso chigamba chija pantchafu.