Luso lolondola mtundu ku Chigwa cha Shire

Pa maliro a munthu wamkulu ku Chikwawa kapena ku Nsanje pamakhala mmodzi amene amaimirira ndi pepala kuwerenga mbiri ya malemu: anabadwa chaka chakuti, m'mudzi mwa auje, wasiya ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi zingapo. Kuwerengako sikutha mphindi zisanu, koma kuti pepalalo lilembeke pamakhala pali wina amene wakhala akutolera zinthuzi kwa zaka. Kawirikawiri amakhala mphunzitsi wopuma, katekisiti, kapena azakhali a mutu wogwira. Ndikamaonetsetsa kagwiridwe kawo ka ntchito, ndimaona kuti ndi amisiri ndithu, ndipo ali ndi zida zawo ndi malamulo awo.

Chigwachi sichisunga pepala. Mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, chiswe chimaboola sutikesi kuchokera pansi, ndipo chimene chiswe chasiya madzi amadzatenga. Anasefukira mu Januwale 2015, kenaka kunabwera namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Onjezani kuti achikulire ambiri sanalembedwe m'kaundula aliyense wa boma pobadwa. Chiphaso cha unzika chinafika kwa anthu ambiri mu 2017, ndipo tsiku lobadwa limene lili pa ziphaso za agogo ambiri ndi longoganizira. Choncho mmisiri wathuyu amadalira mboni zitatu: chithunzi, pepala ndi pakamwa pa akuluakulu. Luso lake lagona pa kusakhulupirira mboni imodzi payokha.

Asanatsegule sutikesi, amayamba wafunsa kuti banjali limawerengera mtundu mbali iti. Kwa Amang'anja, eni chigwa a ufumu wa Lundu, mzere umatsata mayi. Mwamuna ankapita ku chikamwini, ndipo wodziwa za mbumba ndi malume. Asena, amene ambiri anawoloka kuchokera ku chigwa cha Zambezi pothawa chibalo ndi misonkho ya Apwitikizi komanso nkhondo ya Makombe ya mu 1917, amatsata bambo: chuma chikaperekedwa ana ndi a kuchimuna, ndipo amatenga mtupo monga Tembo, Malunga kapena Simboti. Palinso mbumba za Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kutsalira m'chigwachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, kumene kunachokera maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya. Mitunduyi yakwatirana kwa mibadwo ingapo, mwakuti m'nyumba imodzi mumatha kukhala mizere iwiri yoyenda mosiyana. Wofunsa malume nkhani imene mwini wake ndi azakhali amabwerako ndi theka.

Akadziwa zimenezi amayala pepala lalikulu, nthawi zambiri kuseri kwa kalendala yakale, n'kudzilemba yekha m'munsi. Sayambira kwa kholo lotchuka la kalekale ayi. Amachita ngati msodzi wa ku Elephant Marsh posoka ukonde wong'ambika, amene amayambira pa mfundo yolimba n'kumalowera kumene kwabooka. Amalemba makolo ake, kenaka makolo a makolowo, ndipo dzina lililonse limene sanalitsimikize limalembedwa ndi pensulo.

Tsopano zithunzi. Amasamba m'manja n'kupukuta bwinobwino, ndipo chithunzi amachigwira m'mphepete, chala osakhudza nkhope. Zikakhala kuti zanyowa ndi madzi osefukira n'kumatirirana, sazikanganula mwamphamvu, chifukwa khungu la pamwamba, limene lili chithunzi chenichenicho, limatsalira pa chinzake. Amaziviika m'madzi oyera ozizira mpaka zitalekana zokha, n'kuziyanika chagada pamthunzi. Zikauma amazijambula ndi foni pakhonde, pamene kuwala kuli kofatsa, osayatsa kagetsi ka foni, ndipo amajambula mbali zonse ziwiri.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti amayamba kuwerenga kumbuyo. Kumeneko kumakhala chidindo cha situdiyo, ndipo dzina la tauni palokha ndi kalendala. Chidindo cha Salisbury chikutanthauza kuti chithunzicho chinajambulidwa 1982 isanathe, pakuti chaka chimenecho mzindawo unasanduka Harare. Lourenço Marques anakhala Maputo mu 1976. Envelopu yolembedwa Port Herald ndi ya nthawi imene Nsanje inkadziwika ndi dzina la atsamunda, ndipo sitampa ya Rhodesia and Nyasaland imakutsekerani pakati pa 1954 ndi 1963. Akatembenuza, maso ake sathamangira nkhope. Amaona nsapato, wotchi, chipewa, wailesi imene mnyamata wayikumbatira. Suti yothina ndi njinga yonyezimira kawirikawiri ndi za munthu wobwera ku Joni kapena ku mapulazi a ku Rhodesia, ngakhale mmisiri wochenjera amakumbukira kuti masitudiyo ankabwereketsa jekete ndi tayi. Chitenje cha nkhope ya Kamuzu kawirikawiri chimaloza nthawi ya chipani chimodzi. Mayi wovala buluku ndiye amathandiza kwambiri: lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mabuluku mpaka 1993, choncho chithunzi chotere chinajambulidwa kunja kwa dziko, kapena lamulolo lisanabwere, kapena litachoka. Khanda limene lili pamiyendo ndilo limamaliza nkhani, chifukwa mukadziwa khandalo mwadziwa chaka.

Mapepala amafuna mtima wina. Abwino koposa ndi a ku mpingo. Ku maparishi a Katolika a mu dayosizi ya Chikwawa, kaundula wa ubatizo amakhala ndi dzina la wobatizidwa, la bambo, la mayi, mudzi, tsiku, ndi dzina la womuimira pa ubatizo. Pambali pamadzalembedwanso za ulimbitso ndi ukwati, mwakuti mzere umodzi umatha kukutumizani ku parishi ina kumene munthuyo anakakwatira. Dzina la womuimira wodziwa ntchito salidumpha, poti nthawi zambiri amakhala mbale kapena mnansi wochokera dera limodzi. Mipingo ina, monga umene unakula kuchokera ku mishoni za Lulwe ndi Chididi m'mapiri a Nsanje, nayo inkalemba mamembala ake. Kunyumba kumapezeka khadi ya kusikelo, imene pa tsiku lobadwa imanena zoona kuposa satifiketi ya sukulu, malisiti a msonkho, makadi a chipani, chitupa cha Wenela. Lisiti ya mapaundi ndi masheleni ndi ya 1971 isanafike, chaka chimene kwacha inayamba.

Koma pepala limanama mwaulemu. Mlembi wina analemba João, wina Juwawo. José anasanduka Zuze. Mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala dzina lachiwiri, ndiye dzina la banja limasintha pa mbadwo uliwonse. Wina anabwereza Sitandade 8 pa dzina la mng'ono wake, n'kudzichotsera zaka zitatu, ndipo dzinalo analowa nalo ntchito mpaka kupuma nalo. Wina wa kutsidya analembetsa ngati mbadwa ya kuno kuti apeze chitupa. N'chifukwa chake mmisiri amawerenga mainawa mokweza, kuti khutu ligwire chimene diso laphonya, ndipo safulumira kunena kuti awa ndi anthu awiri.

Mudzi nawo umayenda. M'chigwa muno dzina la mudzi ndi dzina la nyakwawa, ndipo Shire kapena Ruo akasintha njira anthu amasamukira kumtunda ndi dzina lawo lomwe. Mudzi wolembedwa m'kaundula wa 1950 ungakhale pa mtunda wautali kuchokera pamene pali mudzi wa dzina lomwelo lero. Wofufuza amafunsa za zinthu zosasamuka: manda akale ali pati, mlambe uja ukadalipo kodi, madimba anu anali mbali iti ya mtsinje.

Ochepa amafika mpaka ku Zomba, ku National Archives of Malawi, kumene kuli malipoti a ma DC a Port Herald ndi Chikwawa, mabuku otchula mafumu ndi midzi yawo, ndi milandu ya m'makhoti. Zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsa pa moto umene unawononga maofesi a boma ku Zomba mu 1919. Munthu wamba kumeneko samapezeka kawirikawiri pokhapokha atakhala ndi mlandu. Ngakhale akatswiri amene analemba mozama za chigwachi, Matthew Schoffeleers pa za Mbona wa ku Khulubvi ndi Elias Mandala pa za ulimi ndi ntchito, anayenera kukhala pamphasa ndi akuluakulu kuti amve zimene mafailo sananene.

Pamphasapo ndi pamene luso limaonekera bwino. Mmisiri sapita chimanjamanja; amatenga shuga, mchere, sopo. Amakhala pansi, osati pampando woposa wa mwini nyumba, ndipo kope amayamba walibisa. Ngati agogo amamasuka m'Chisena, iyenso amalankhula Chisena. Chithunzi amachipereka m'manja mwawo osatchula dzina lililonse, chifukwa ukati "Awa si amalume aja?" wokalamba amavomera pofuna kukusangalatsa. Amangoti, "Agogo, tandiuzeni, awa ndani?" kenaka n'kukhala chete. Chetecho n'chovuta kuchiphunzira kuposa china chilichonse pa ntchitoyi.

Za chaka safunsa mwachindunji. Amati, "Agogo, pa njala ya 49 ija munali mutayamba kutunga madzi?" Akati ankasenza kale kachidebe koma mano anali asanagweluke, ndiye kuti anali ndi zaka pafupifupi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chobadwa chapezeka moyandikira. Chigwachi chili ndi zikhomo zambiri zotere: kugwidwa kwa anthu mu Marichi 1959, ufulu wa 1964, kuyamba kwa minda ya nzimbe ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, kuimitsidwa kwa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, kuchuluka kwa othawa nkhondo a ku Mozambique kuyambira 1986 pamene misasa ngati Nyamithuthu inadzaza, chilala cha 1992, kuduka kwa njanji pa Chiromo mu 1997. Mayi amene sadziwa chaka chilichonse amadziwa bwino lomwe mwana amene anali kumsana pa chilichonse cha zimenezi, ndipo ndondomeko ya ana ake sailakwitsa, kuphatikizapo amene anamwalira ali makanda, omwe pepala lililonse linawaiwala.

Akachoka apo amapita kwa wachikulire wina, payekha, ndi mafunso omwewo. Awiri akagwirizana asanamvane, ndipo kaundula kapena chithunzi chikavomereza, mpamene pensulo imafufutidwa, dzina n'kulembedwa ndi bolopeni. Akasemphana, amalemba zonse ziwiri, ndi dzina la amene wanena ndi tsiku limene wanena. Ena amaona ngati uku ndi kulephera kuweruza, koma ine ndimati apa ndiye pali ukatswiri, chifukwa mdzukulu wodzabwera ndi umboni watsopano adzapeza poyambira. Pamatulukanso zina zolemera: kholo limene linabwera ngati kapolo, mwana wa kunja, banja lachiwiri limene linatsala ku Bulawayo kapena ku Mutarara. Zotere mmisiri wabwino amazisunga m'kope lina, ndipo sazitulutsa pa maliro kapena pa mlandu wa munda popanda eni mbumba kuvomereza.

Pomaliza amalemba maina kuseri kwa chithunzi chilichonse ndi pensulo yofewa, osadinikiza, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Amakulunga zonse m'pulasitiki youma, n'kuzipachika pamwamba pafupi ndi denga, ndipo zojambula za pafoni amazitumiza kwa abale a ku Blantyre, ku Beira ndi ku Johannesburg, kuti madzi akadzabweranso asadzapeze zonse m'nyumba imodzi. Ngati kwanu kuli sutikesi yotere, pitani nayo kwa agogo chaka chino: amene anali ndi zaka khumi pa njala ya 1949 lero apyola zaka 85.