Kumene Singano Siidutsa

Chipewa cha malemu malume anga chimakhala pamwamba pa kabati, chili chagada monga ankachisiyira eni ake. Anabwera nacho kuchokera ku Joni, ndipo kwathu zipewa zamtunduwu timangoziti za Wilisoni, kaya anapanga ndani. Anayenda nacho kumaliro, kubwalo la milandu, kutchalitchi, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Anali munthu wathukuta. Kolala ya malaya awo inkanyowa asanafike n'kumsewu komwe. Koma mukachitenga lero n'kuchiyang'anitsitsa, simupezapo mzere woyera wamchere uja umene umazungulira zipewa zambiri pamwamba pa riboni. Changa chimene ndinagula chatsopano, chooneka bwino ndithu, chinathimbirira pamphumi chilimwe chimodzi chisanathe. Tsiku lina ndinazigadamitsa zonse ziwiri pa tebulo pafupi ndi zenera, kuti ndione pamene panagona kusiyana kwake.

Kunja kunalibe zambiri zoti n'kuphunzirapo. Nkhani yonse inali m'kati, pa kalamba kachikopa kozungulira pamene mutu umakhudza, kamene Angerezi amakatcha sweatband. M'lifupi mwake n'kamasentimita anayi kapena asanu basi. Munthu amene wavala chipewa sakaona, woyang'ana naye sakaona, komabe amisiri akale anathera nzeru zochuluka pamenepa.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo. Thukuta ndi madzi pafupifupi magawo 99 pa 100 alionse, ndipo akanakhala madzi okha si bwenzi pali vuto. Kagawo katsalako ndi mchere ndi zina zotuluka m'thupi, kuonjezerapo mafuta a pakhungu ndi mafuta odzola kumutu. Mphumi ndi amodzi mwa malo amene thukuta limatulukirapo kwambiri, ndipo munthu wogwira ntchito padzuwa angathe kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Madziwo amauma n'kupita, mchere n'kutsala. Mawa wina umabwera n'kukhala pamwamba pa wadzulo. Mafuta nawo sauma. Amalowerera, amagwira fumbi, ndipo amasanduka banga lakuda limene sopo salitha.

Tsono chipewa chabwino chimapangidwa ndi felt, chinthu chimene sichiwombedwa ngati nsalu. Amatenga ubweya wa kalulu kapena wa kanyama kam'madzi kotchedwa beaver, amaunyowetsa ndi madzi otentha, n'kumaupsinja ndi kuufikisa mpaka ubweyawo utakolanakolana wokha n'kukhala chinthu chimodzi. Pamene ukukolana umanka nufupika. Chinyezi ndi kutentha ndizo zinachibala chipewacho, ndipo mutu wa munthu padzuwa umapereka zomwezo. Thukuta likafika pa felt silimangodetsa ayi, limachititsanso kuti chipewa chiyambe kuthina ndi kupindika. Choncho mmisiri ali ndi ntchito yoika mpanda pakati pa mphumi ndi chipewa, mpanda woti usapweteke mphumiyo.

Mafakitale otchuka, monga ya Giuseppe Borsalino imene inayamba mu 1857 ku Alessandria m'dziko la Italy, ndi ya John B. Stetson ya ku Philadelphia ya mu 1865, ankaika chikopa m'zipewa zawo zapamwamba. Chokondedwa kwambiri ndi chikopa cha nkhosa chotchedwa roan, chofufutidwa mpaka kufewa ndi kusengedwa kuti chipyapyale, mwina osafika n'milimita imodzi yomwe. Bwanji osaika nsalu? Nsalu imamwa msanga, koma imapatsiranso msanga. Zimene yamwa kutsogolo imakazitula kumbuyo. Nanga pulasitiki? Iyo simwa n'komwe, ndiye thukuta limayenderera pamwamba pake mpaka kukalowa m'maso kapena kukapeza mpata wolowera m'chipewa. Chikopa chili pakati pa ziwirizi. Chimalandira chinyezi pang'onopang'ono, kuchisunga, kenako n'kuchitulutsa mwini wake akavula chipewa. Chikafunda chimatsatira maonekedwe a mutu, n'chifukwa chake chipewa cha mnzako sichikhala bwino pamutu pako ngakhale saizi ili imodzi.

Koma chikopa chokha si yankho, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa pa tebulo paja. Kalambako kayenera kusokereredwa ku chipewa. Kusoka n'kuboola, ndipo paliponse pamene singano yadutsa pamatsala ulusi. Amene anakulira pa koloboyi akudziwa mmene chingwe chake chimakokera palafini kuchokera pansi kukafika kumoto. Ulusi nawo umachita chimodzimodzi ndi thukuta. Mukasoka chikopa molunjika pa chipewa, ndiye kuti mwaika tizingwe ta koloboyi mazanamazana kuzungulira mutu wonse, kalikonse kakukoka madzi amchere kuchokera pakhungu kukawatula kunja. Chipewa changa chinasokedwa motero. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti banga silinayambe paliponse. Linayambira pa timabowo ta msoko, timadontho tondondozana, kenako n'kulumikizana kukhala mzere. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Cha malume chinasokedwa mwina. M'munsi mwa chikopa, m'mphepete mwenimweni, muli kansalu kopapatiza kosalowa madzi, kopindidwa pawiri ngati mpendero. M'kati mwa mpenderowo mukuyenda kanthu kolimba pang'ono, kowonda ngati waya, kozungulira mutu wonse. Amisiri amakatchula ndi dzina la bango m'Chingerezi, poti kale kankachokera ku zomera zamtundu umenewo. Masiku ano n'kanayiloni. Chikopa chimasokereredwa ku kansaluka ndi msoko wakewake, wa timitanda tating'ono kwambiri m'mphepete. Kenako kansaluko ndiko kamasokereredwa ku chipewa ndi ulusi winanso, kuseri kwa chikopa. Misoko ndi iwiri, ndipo siikumana. Ulusi umene wakhudza mphumi sufika pa felt, ulusi umene walowa mu felt sukhudza mphumi. Pakati pawo pali kansalu kokana madzi.

Ndinatembenuza kalambako kuti ndione kuseri kwake, ndipo ndinayendetsa chala pa misoko iwiriyo kangapo. Zimene ndinaona n'zoti luso lonse lili pa malo amene mmisiri anakana kubayapo singano. Kusoka molunjika n'kofulumira ndiponso kotchipa, ndipo m'sitolo palibe angazindikire. Kusiyanako kumadzaonekera pamutu pa munthu patapita miyezi, ndalama italipiridwa kale. Amene anasoka chipewa cha malume ankaganizira tsiku lotentha la munthu amene sadzamuona n'komwe, ndipo ine ulemu wanga ndimaupereka pamenepo.

Kabango kaja kali ndi ntchito inanso yochititsa chidwi. Mmisiri amadula chikopa molingana ndi mutu wa munthu, koma kabangoko amakasiya kotalikirapo pang'ono, ngati sentimita imodzi. Nsonga zake ziwiri amazilowetsa m'kapaipi kachitsulo kakang'ono kuti zikumane kumbuyo. Poti kabango katalika kuposa chikopa chimene kalimo, kamakankha m'munsi mwa lambayo kuti mutambasukire kunja ngati kukamwa kwa belu. Tiyerekeze chipewa ndi nyumba yozungulira, yokhala ndi denga, chipupa ndi khonde. Mlomo wa belu uja umakakhala pa ngodya pamene chipupa chakumana ndi khonde, n'kuiphimba. Motero mphumi siikhudza felt ngakhale pang'ono, ndipo dontho likatsetsereka limagwera kunja kwa ngodyayo. Kumtunda lambayo amapendekera m'kati kutsata mutu, kusiya kampata ka mpweya pakati pa chikopa ndi chipupa. Kampata kameneko n'kochepa, koma madzi sadumpha mpweya. Ichi n'chifukwa chake chikopacho sachidula mowongoka ngati lamba wa thalauza. Amachidula mokhota ngati uta, kuti akalumikiza nsonga zake chikhale chotambalala pansi, chopanikizika pamwamba.

Misoko yolowa mu felt imatulukira kunja, m'tsinde mwa chipupa, ndipo riboni ija timaiyesa yokongoletsa chabe imabisa misoko imeneyo. Kumbuyo, pamene nsonga za chikopa zakumana, pamakhala kamfundo kakang'ono ka riboni. Amati n'chotsalira cha nthawi imene m'kati mwa zipewa munkakhala chingwe chokokera kuti chipewa chithine kapena chimasuke. Lero kamangomuuza munthu kumene kuli kumbuyo ngakhale mumdima.

Pamwamba pa chikopa pamayambira nsalu yosalala yokuta m'kati monse, ya silika kapena yofanana nayo. Mdani wa kumeneko si thukuta kwenikweni koma mafuta a tsitsi. Amuna a ku Ulaya ndi ku America ankadzola mafuta ambiri kumutu. Brylcreem, mwachitsanzo, inayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1928 ndipo inafala kwabasi. Mafuta otere akakhudza denga la chipewa amatulukira kunja ngati chipsera. Amisiri anaonjezera kachigamba koonekera kuseri, kale ka silika woviikidwa m'mafuta n'kuumitsidwa, pambuyo pake ka pulasitiki, pakatikati pa denga pamene pali chizindikiro cha fakitale. Mu chipewa cha malume kachigambako kachita chikasu ndipo kayamba kung'aluka, koma felt ya pamwamba pake ikadali yoyera. Nsaluyo simasokedwa zolimba. Amangoigwiriza m'malo owerengeka, mpendero wake n'kuubisa kuseri kwa chikopa, kuti ikada aichotse n'kuika ina. Chimodzimodzi chikopacho: mmisiri amadula ulusi wa pa kansalu kaja, lambayo n'kuchoka wathunthu, chipewa osavulala. Zam'kati anazipanga kuti zizitha m'malo mwa chipewa.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha chipewa chitamukwana munthu. Chothina chimafinya chikopa kuti chigundane ndi chipupa, kampata ka mpweya kaja n'kutsekeka. Mitu ya anthu siyozungulira ngati mpira. Ina ndi yaitali kutsogolo ndi kumbuyo, ina ndi yotambalala m'mbali. Ku sitolo ya Lock & Co. ya mu msewu wa St James's ku London, imene inayamba mu 1676, amagwiritsabe ntchito chipangizo chochokera ku France cha m'zaka za m'ma 1800 chotchedwa conformateur. Chimaoneka ngati chipewa chopangidwa ndi timitengo tambirimbiri toyenda; akachiika pamutu, timisomali ta pamwamba pake timaboola pepala n'kujambula kachithunzi kakang'ono ka mmene mutuwo ulili. Chipewa cholimba amachifewetsa ndi kutentha n'kuchiumba motsatira chithunzicho.

Kumayiko otentha ena anadzera njira ina. Zisoti zoyera zija ankavala atsamunda zinali ndi lamba wam'kati wotalikitsidwa ndi chisoti chenichenicho pogwiritsa ntchito tizidutswa topepuka toikidwa motalikirana, kuti mphepo izilowa m'munsi n'kutulukira pa kabowo ka pamwamba. Zipewa zoluka za Panama, zimene kwawo kwenikweni ndi ku Ecuador, m'matauni monga Montecristi ndi Cuenca, kawirikawiri sizikutidwa m'kati monse kuti mutu uzipuma. Komatu lamba wa pamphumi samusiya, chifukwa chipewa choluka choyera chimene munthu wachilukira miyezi ingapo chimaonetsa banga msanga kuposa felt yakuda.

Chikopa nacho chili ndi polekezera. Mchere ukaunjikana umachiumitsa, chimachita ming'alu, mapeto ake chimayoyoka ngati tsamba la fodya louma. Chikanyowa n'kuumitsidwa ndi moto chimakwinyika, ndipo chimakokera chipewa chonse m'kati. Malume sanawerengepo buku la zimenezi, koma ndikuwakumbukira akafika kuchokera kuulendo. Ankakhala pakhonde, kuvula chipewa, kupinda kalambako kuti katulukire kunja, kukapukuta ndi mpango wa m'thumba, kenako n'kuchiika chagada pampando pamthunzi. Ana tikafuna kuchigwira ankati, “Chisiyeni chipume, nachonso chayenda.” Madzulo ndi pamene ankabweza kalambako m'malo mwake.

Zilembo zagolide zimene zinali pa chikopacho zinafufutika kalekale ndi mphumi yawo, moti dzina la fakitale silikuwerengekanso. Pakati pa lambayo, kutsogolo, chikopa chada n'kumanyezimira ngati mpini wa khasu lokalamba. Thukuta lonse la zaka zija linathera pamenepo.

Inu amene mukufuna chipewa, kaya m'sitolo kaya pa kaunjika, musayambire pagalasi. Chigadamitseni, mupinde kalamba kam'kati, muone kumene singano inadutsa. Ngati ulusi wabaya chikopa ndi chipewa pamodzi, chibwezeni pamene munachitenga. Mukapeza misoko iwiri yosakumana ndi kabango m'mphepete, gulani ngakhale chikuoneka chakale, ndipo mukafika nacho kunyumba chitanyowa, musachiumitse pamoto.