Chilankhulo cha Tambwali m'Zithunzi za Daumier ndi Gavarni

Boma la Mfumu Louis-Philippe litakhazikitsa malamulo a mu September 1835, oletsa kusindikiza chithunzi popanda chilolezo, nyuzipepala ya Le Charivari ya ku Paris inaleka kunyoza mfumu nitembenukira kwa atambwali. Kuyambira mu 1836 kufikira 1838 Honoré Daumier anajambulamo zithunzi 100 za Robert Macaire, kathyali wa m'seŵero la L'Auberge des Adrets la mu 1823. Mawu apansi pa zithunzizo analemba ndi Charles Philipon.

Kaŵirikaŵiri akatswiri a zojambula amadandaula kuti mawu a Philipon ngotalika, ndipo amalemetsa ntchito ya Daumier. Ife tikuwona mosiyana. Kutalikako ndiye chinyengo chenichenicho. Macaire amaoneka lero ngati mwini banki, maŵa loya, mkuja dokotala, koma chida chake nchimodzi: kulankhula kosapumira, kodzaza manambala ndi mawu aulemu, kotero kuti womvera sapeza mpata wofunsa. Oŵerenga nafenso timafika kumapeto a mawuwo titatopa ngati wobedwayo, ndipo pokweza maso timakumana ndi diso lophimbidwa ndi kansalu, mimba yotukumuka, ndi Bertrand, mnzake wowonda uja, ataima chapambali.

Izi zimaonekera bwino pamene Macaire akhala wopezera anthu mabanja. Ku France masiku amenewo mkazi ndiye ankaloŵa m'banja ndi chuma, chotchedwa dot. Choncho Macaire amakamba za mbeta m'chilankhulo cha pamsika, monga wotsatsa katundu. Mawu a chikondi ndi a malonda asanganizidwa mpaka osalekanitsika.

Paul Gavarni, amene mu 1837 anayamba zithunzi za Fourberies de femmes en matière de sentiment, zonena za ukathyali wa akazi pa chikondi, ankadzilembera yekha mawu ake. Ngaafupi, ngati omvedwa kuseri kwa chitseko, ndipo bodza limabisala m'chimene sichinanenedwe. Khutu lake linali lakuthwa kuposa la Philipon, zimenezo sitikana. Komabe kwa iye chinyengo chili m'chipinda, pakati pa mkazi, mwamuna wake ndi chibwenzi, ndipo mutu weniweniwo waika kale mlandu pa mkazi. Macaire amanama ndi chilankhulo cha banki, cha khoti ndi cha nyuzipepala, chomwecho chimene anthu olemekezeka a mu Paris ankalankhula masana.