Ganizo la Herzberg likufunika kuliunika bwino lisanalowe m'mafunso athu

Ofufuza ambiri akafuna kudziwa chimene chimakhutiritsa aphunzitsi a m'mayunivesite pa ntchito yawo, amayambira pa buku la Frederick Herzberg ndi anzake, The Motivation to Work, la mu 1959. Bukuli limati malipiro ndi malo ogwirira ntchito zikakhala zoipa zimadandaulitsa munthu, koma ngakhale zitakonzedwa sizimubweretsera chimwemwe. Chimwemwe akuti chimachokera m'ntchito mwenimwenimo: kuona zipatso zake, kuyamikiridwa ndi kupatsidwa udindo.

Mbali ina ya ganizoli ndi yoona, ndipo inu mumaidziwa bwino. Mwana wa ku Ngauma kapena ku Mandimba amene amangoti duu mukamufunsa m'Chipwitikizi, akayamba kuyankha momasuka m'Chiyao mtima wanu umakhala m'malo, ngakhale m'thumba muli mbee.

Vuto lili pa anthu amene anafunsidwa ndi kafunsidwe kake. Herzberg anacheza ndi mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh, ku America. Anawapempha kuti afotokoze nthawi imene anakondwa ndi imene anakhumudwa pa ntchito. Koma munthu akamasimba zabwino amadzitchula yekha, ndipo pa zoipa amaloza chala bwana. Nkutheka kuti kusiyanitsa zinthu ziwirizi kunabadwira m'funsomo.

Kwathu kuno zinthuzi nzolukanalukana. Chiyambireni Tabela Salarial Única mu 2022, aphunzitsi a boma akhala akudandaula za ndalama za maola owonjezera zimene zimachedwa. Kwa mphunzitsi wa pa Universidade Rovuma ku Lichinga kapena wa pa sukulu yosula aphunzitsi ku Cuamba, kulipidwa pa nthawi yake ndiye kuyamikiridwako. Chimodzimodzinso mabuku a Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua: Herzberg akanawaika m'gulu la zipangizo chabe, pamene popanda iwo zipatso zokondweretsa zija sizioneka nkomwe.

Nkhaniyi ikukhudza inu chifukwa amene amasula aphunzitsi akagwa mphwayi, maphunziro a zilankhulo ziwiri amafookera komweko, asanafike m'kalasi. Tsono kafukufuku amene angokopera mafunso a Herzberg adzapeza kuti aphunzitsi amakonda ntchito yawo, zomwe tikudziwa kale. Afunse izi: munalandira liti ndalama za maola owonjezera? Mabuku a chilankhulo cha ana anafika mwezi uti? Nanga ntchito yolemba ndi kuphunzitsa m'zilankhulo zathu imawerengedwa pokweza munthu pa udindo?