Redwall: Mabuku Olembedwera Khutu ndi Lilime

Pali dandaulo limodzi lomwe openda mabuku a ana satopa nalo akamakamba za Redwall, ndipo ndi dandaulo lokwiyitsa. Amati nyama za Brian Jacques zimadya mopitirira. Amati nkhani ikangoyamba kuthamanga, adani ali pachipata, mlembi amaimitsa zonse n'kuyala tebulo: buledi wotentha, tchizi, msuzi, makeke, zakumwa za zipatso, mpaka wowerenga kuiwala kuti kunja kuli nkhondo. Ena amafika polangiza kuti masamba oterewa ndi ongodumpha. Munthu wolangiza zimenezi wawerenga Redwall ndi maso okha, ndipo luso lenileni la mabukuwa lamudutsa.

Mabukuwa alipo 22. Loyamba, Redwall, linatuluka mu 1986, ndipo lomaliza, The Rogue Crew, linatuluka mu 2011 mlembi wake atamwalira kale mu February chaka chomwecho. Agulidwa oposa 20 miliyoni. Nkhani zake zimazungulira pa chinyumba cha miyala yofiira chomangidwa ngati cha amonke akale a ku Ulaya, pakati pa nkhalango ya Mossflower. M'menemo mumakhala mbewa, agologolo, akatumbu ndi mifuko, pansi pa mkulu wa nyumbayo. Mfuti kulibe, magetsi kulibe. Kuli malinga, mabelu, malupanga, mauta, minda ya zipatso ndi khitchini yaikulu. Chakunja kumachokera makoswe, ankhandwe ndi tinyama ta mtundu wa likongwe, zofuna kulanda nyumbayo.

Zonsezi zinayamba ndi mkaka. Jacques, mbadwa ya ku Liverpool wa mu 1939, anasiya sukulu ali ndi zaka 15 n'kukalowa ntchito ya m'sitima za pamadzi, kenako anagwirapo padoko ndi kuyendetsa malole. Pa nthawi ina ankaperekera mkaka ku Royal Wavertree School for the Blind, sukulu ya ana osaona, ndipo anayamba kumawawerengera nthano. Redwall anailembera ana amenewa. Alan Durband, mphunzitsi wake wakale wa Chingelezi, ndi amene anatumiza zolembazo kwa osindikiza mwini wake asakudziwa.

Mfundo imeneyi imatchulidwa pafupifupi mu mbiri iliyonse ya Jacques, koma imatchulidwa ngati kankhani kosangalatsa ka munthu wa mtima wabwino, basi. Ochepa okha ndi amene amafunsa kuti inachita chiyani pa kalembedwe. Mwana wosaona sungamukope ndi kufiira kwa khoma kapena kunyezimira kwa lupanga. Koma fungo la buledi wongophulidwa kumene amalidziwa bwino kuposa mlembi. Amadziwa kutentha kwa msuzi pa lilime, kunyata kwa uchi m'zala, phokoso la mbale ndi masupuni m'chipinda chodzaza. Mlembi amene akufuna kuti mwana woteroyo akhulupirire kuti chinyumbachi chilipodi, ndipo n'choyenera kuchifera, alibe njira ina yoposa kumukhazika patebulo. Phwando la mu Redwall ndi khoma lenileni la nyumbayo, lomangidwa ndi zinthu zomwe mwana angazinunkhize ndi kuzilawa.

Nayenso mlembiyo anali ndi njala yake. Britain inayamba kugawa chakudya ndi makuponi mu January 1940, kuyambira ndi shuga, batala ndi nyama ya nkhumba, ndipo dongosololi linatha mu 1954. Ubwana wonse wa Jacques unathera m'zaka zimenezi, mu mzinda wa padoko womwe unaphulitsidwa koopsa ndi mabomba mu May 1941. Iye ankakonda kufotokoza kuti ali mwana zinkamuwawa kuwerenga buku lonena kuti mfumu inakonza phwando, koma osatchula chomwe anadya. Atakula anabweza ngongoleyo mbale ndi mbale, ndipo kulakalaka kwake kumamveka pa tsamba. Si ndandanda ya zakudya yolembedwa ndi munthu wokhuta.

Buku loyamba lija likuonetsa bwino momwe lusoli limagwirira ntchito. Nkhani imatseguka pa tsiku lokondwerera zaka zambiri za utsogoleri wa mkulu wa nyumbayo, Abbot Mortimer. Kambewa kachinyamata, Matthias, kathandiza kuwedza nsomba yaikulu m'dziwe la pabwalo, wophika Friar Hugo waiphika, nyama za m'nkhalango zaitanidwa. Koma mitu ya bukuli imasinthana: wina uli patebulo, wotsatira uli pamsewu, pomwe khoswe wa diso limodzi, Cluny the Scourge, akubwera ndi chigulu chake pa ngolo ya udzu yokokedwa ndi hatchi. Kuphwando, Abbot akuitana Matthias pambali n'kumutuma kuti akauze wophika adzaze thumba la chakudya, apatse banja losauka la a Churchmouse mwakachetechete, lisachite manyazi pamaso pa anzawo. Pamsewu, Cluny akulamula mmodzi mwa asilikali ake kuti alumphire pa hatchi akailume kuti ithamange, ndipo msilikaliyo atagwera pansi pa mateyala, ngolo ikungopitirira. Palibe ulaliki, palibe mlembi woima n'kumafotokoza kuti abwino ndi ati. Mwana wamva thumba likudzazidwa, wamva kulira kwa wopondedwa, ndipo wadziwa kale chomwe nkhondo ikubwerayo idzalimbirane. Amene wadumpha phwandolo wadumpha chifukwa cha nkhondo yonse!

Ngakhale nkhondoyo ikafika, imamenyedwa ndi za kukhitchini. Makoswe atabwera ndi chithunthu cha mtengo chogumulira chitseko, a m'nyumbamo akuwagwetsera chisa cha mavu n'kuthira mafuta ophikira pa chithunthucho kuti chiziterera. Atakumba ngalande ya pansi pa khoma, akuwatsanulira miphika ya madzi owira. Nsanja ya matabwa yomwe adani anakankhira kukhoma usiku inaonedwa ndi Cornflower, kambewa komwe kanali kukagawira alonda msuzi, ndipo kanaiyatsa ndi nyali. Lupanga la Martin the Warrior, ngwazi yakale ya nyumbayo, lomwe Matthias akulifunafuna m'buku lonse, ndi lomwe limajambulidwa pa zikuto, koma chomwe chinapha Cluny ndi belu la nyumbayo litamugwera.

Kenako pali mawu, ndipo apa m'pomwe Jacques alibe womuposa pa mabuku a mtundu uwu. Mtundu uliwonse wa nyama uli ndi kalankhulidwe kake. Mifuko imalankhula mokoka ngati madoda akumudzi a ku Somerset. Akalulu amalankhula ngati akuluakulu a asilikali a ndege a ku Britain, mothamanga, modzitama, nthawi zonse akudandaula njala. Akatumbu ndi amalinyero. Pa pepala, zolankhula za mifuko n'zovuta ndithu: zilembo zopotozedwa, mawu ometedwa, moti wowerenga chamumtima amapunthwa ndipo ena amataya buku. Koma wina aliwerenge mokweza, zonse zimamasuka. Omvera sasowa kuuzidwa kuti akulankhula ndani, chifukwa liwu lokha lanena kale. Mlembi ameneyu anakhala zaka zambiri akuulutsa pulogalamu yake ya Jakestown pa BBC Radio Merseyside, ndipo mabuku ake ambiri atajambulidwa kuti azimvedwa, wofotokoza nkhani anali iye mwini, anthu ena n'kumalankhula mbali za nyamazo. Ankadziwa kuti m'chipinda chomwe omvera sakuona nkhope, munthu amadziwika ndi pakamwa pake.

Chakudya chimagwira ntchito yomweyo. Mifuko ili ndi chitumbuwa chake chakuya cha mbatata ndi mizu ina, akatumbu ali ndi msuzi wawo wa tsabola wowotcha kukhosi, ndipo kalulu ngati Basil Stag Hare amadziwika ndi kuchuluka kwa zomwe angameze. Liwu limodzi, mbale imodzi, mtundu wadziwika. N'chifukwa chake mwana amatha kusunga m'mutu nyama makumi angapo osasokoneza. Owerenga anazikonda zakudyazi mpaka mu 2005 munatuluka The Redwall Cookbook yoti aziphikira.

Zina zomwe anthu amatamanda sizifuna mawu ambiri. Ndagi zolembedwa pa makoma n'zongodutsira nthawi, ndipo mzimu wa Martin woonekera m'maloto ndi njira yachidule ya mlembi akasowa potulukira. Zoti mabukuwa amabwereza dongosolo limodzi, la mdani kuzinga nyumba pomwe wachinyamata wapita pa ulendo, n'zoona, koma omvera nthano sanadanepo ndi kudziwa komwe nthano ikulowera. Mwa mabuku ena a nyama, Watership Down ya Richard Adams ya mu 1972 ndi yozama kuposa, koma akalulu ake amadya udzu ndipo alibe tebulo. Mouse Guard ya David Petersen ili ndi mbewa za malupanga zojambulidwa mokongola, koma ndi ntchito ya maso. Wachibale weniweni wa Jacques ndi Kenneth Grahame, yemwe mu The Wind in the Willows ya mu 1908 anachititsa Rat kutchula zonse za m'dengu la kamba mosapuma. Alembi ambiri obwera pambuyo anatengera malupanga ndi mapu, khitchini n'kuisiya yozizira, ndiye n'kumadabwa kuti nkhalango zawo sizikumveka ngati kwawo kwa wina aliyense.

Dandaulo lolemera ndi lina, ndipo wokonda mabukuwa sayenera kulizemba: mu Redwall, khoswe amabadwa woipa, mbewa imabadwa yabwino. Pang'ono pokha izi zili ndi yankho. Wokulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi amadziwa kuti nyama ya m'nthano ndi chigoba cha khalidwe, ndipo palibe amafunsa chifukwa chomwe Fisi sasiyira dyera. Nthano yonenedwa pakamwa imafuna kuti dzina likangotchulidwa, omvera adziwiretu mtima. Koma nthano ya pamoto imatha usiku womwewo, pomwe buku la masamba mazana angapo limapatsa nyama ubwana, mayi womulera ndi misozi. Zikafika pamenepo chigoba chasanduka munthu, ndipo lamulo la kubadwa limayamba kununkha.

Outcast of Redwall ya mu 1995 ndi pomwe Jacques analakwira tebulo lake lomwe. Veil, mwana wa mtsogoleri wa zigawenga Swartt Sixclaw, atoledwa ali khanda n'kuleredwa m'nyumbamo ndi mbewa yotchedwa Bryony. Wadya chakudya chomwecho, wamva nyimbo zomwezo, komabe akukula wakuba, akuthira chiphe chofuna kupha mkulu wa ophika, ndipo akupirikitsidwa. Pamapeto akufa atatchinga mkondo womwe bambo ake anaponyera Bryony, koma bukulo likulolabe Bryony kugamula kuti Veil anali woipa. Taggerung ya mu 2001 inangotembenuza nkhaniyi: katumbu woleredwa ndi zigawenga akukhalabe wabwino. Izi n'zopweteka kuwerenga. Ngati zaka zonse za kudyera pamodzi sizingasinthe mtima wa khanda, ndiye mabuku onsewa ankayalira chiyani matebulo aja?

Chomwe chikupweteka kwambiri n'choti Jacques ankadziwa kulemba zosiyana ndi izi, ndipo anali atazilemba chaka chimodzi chokha Outcast of Redwall isanatuluke. Mu The Bellmaker ya mu 1994, makoswe awiri a panyanja, Blaggut ndi kaputeni wake Slipp, alandiridwa m'nyumbamo n'kupatsidwa chakudya ndi pogona. Slipp akungofunafuna chuma choti abe. Blaggut, khoswe wopusa amene moyo wake wonse wakhala akumenyedwa, akuzolowerana ndi tiana ta m'nyumbamo n'kutipangira timabwato. Slipp atapha Mellus, chiuli chomwe chinkalera tianato, Blaggut akuthawa ndi kaputeni wakeyo, kenako akumupha yekha, n'kubwerera pachipata kudzabweza chikho chomwe chinabedwa ndi kudzavomera mlandu. A m'nyumbamo akumusiya ndi moyo, ndipo iye akupita kugombe kukakhala mmisiri wa mabwato.