Cithunzi ca Phiri la Rigi ndi Ocigula

M'dziko la Switzerland muli nyanja ya Lucerne, ndipo m'mbali mwace muli phiri lochedwa Rigi. M'caka ca 1842 mmisiri wa ku England, J. M. W. Turner, analijambula phirilo pa mapepala atatu ndi utoto wosungunula m'madzi. Cimene ndiciyesa copambana ndico The Blue Rigi, coonetsa phiri mbanda kuca.

Utoto wotere uli wopyapyala, kotero kuti kuyera kwa pepala kumaonekera pansi pace, ndipo kuwala konse kwa cithunzi kucokera m'pepalamo. Pofuna kuonetsa nthanda pamwamba pa phiri, Turner anapala utoto pang'ono, pepala niliwala ngati nyenyezi. Ena adandaula kuti phirilo silioneka bwino, lazimirira m'nkhungu. Koma iye amene analawirirapo kunyanja adziwa kuti mmisiriyo sananame, pakuti dzuwa lisanaturuke madzi, phiri ndi thambo sizilekana malire. Pafupi ndi gombe anaikapo abakha odzidzimuka ndi agaru owathamangira, ndipo phokoso lao liri kukulitsa bata la phiri.

Poyamba cithunzico cinagulidwa mapaundi 84. M'caka ca 2006 cinagulitsidwa ku London mapaundi oposa mamiliyoni 5, ndipo mu 2007 nyumba ya zithunzi ya Tate inaciombola, anthu wamba atasonkhako ndalama. Nanga osunga zithunzi acikonderanji cotere? Ciri cimodzi cokha, mwini nchito anamwalira mu 1851, ndipo bata la nyanja lisowa m'midzi yaikuru ya utsi ndi phokoso.

Koma pali bvuto. Utoto wa madzi ufwifwa ukakhalitsa poyera. Cifukwa cace ogula ambiri atsekera zithunzi zao mumdima, ndipo cithunzi ca kuwala cikhala ngati nyali yobvundikira. Henry Vaughan anacita mwanzeru: pomwalira anasiyira midzi ya Edinburgh ndi Dublin zithunzi zace za Turner, nalamula kuti zizionetsedwa kwaulere m'mwezi wa January wokha, pamene dzuwa la kumeneko liri lofoka. Potero utoto wasungika, ndipo waumphawi yemwe aona.

Tsono tisayese cithunzi ndi mtengo wace. Tifunse ngati citiphunzitsa kupenyetsetsa nchito za Mlengi. Ca Turner citero ndithu.