Makolo angathe, koma asasiyidwe okha: kuunika ndondomeko ya Breatheasy

Mwana amene wachitidwa opareshoni ya tracheostomy amapumira kachubu kolowetsedwa pakhosi, m'munsi mwa kholingo. Kachubuka kakatsekeka ndi makhololo kapena kakasololoka, mwana angafe m'mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri samveka kulira chifukwa mpweya sudutsa pamene pamatuluka mawu. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimaopa kutulutsa ana otere, makamaka a m'mabanja osauka.

Ndondomeko ya Breatheasy, imene namwino Jane Booth anathandiza kuikhazikitsa mu 1989 pachipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, inatsutsa mantha amenewa. Kholo limakhala m'wodi ndi kuphunzira ndi manja kuyamwa makhololo, kutsuka chilonda, kumanga zingwe za kachubu ndi kusintha kachubuko lokha mwana asanatulutsidwe. Kafukufuku amene Groenendijk ndi anzake anasindikiza mu 2016 anapeza kuti chisamaliro chotere n'chotheka ngakhale m'mabanja a m'zisakasa. Apa ndondomekoyi ndi yoyenera kuyamikiridwa: inaonetsa kuti umphawi kapena kusapita patali ndi sukulu sikulepheretsa kholo kuphunzira ntchito imene ambiri ankati ndi ya namwino yekha.

Komabe wowerenga asathamangire kunena kuti kuphunzitsa kokha n'kokwanira. Kafukufukuyu anachokera m'mafayilo a chipatala chimodzi chachikulu, chokhala ndi akatswiri a ana ndiponso namwino amene ntchito yake inali mabanja amenewa. Ku South Africa boma limaperekanso ndalama mwezi ndi mwezi kwa osamalira ana olumala kwambiri. Zotsatira zabwinozo zinabwera chifukwa cha maphunziro pamodzi ndi chithandizo chimenechi. Chinanso, mafayilo amawerenga ana amene anamwalira kapena kugonekedwanso, koma sanena za mayi amene anasiya geni, amene amagona khutu lili tcheru usiku uliwonse.

Kwa mwana wochokera ku Queen Elizabeth Central Hospital kubwerera kumudzi, kusiyanaku n'kwakukulu. Chipatala chaching'ono chingakhale kutali, makina oyamwira a magetsi alibe ntchito kopanda magetsi, ndipo utsi wa nkhuni ndi fumbi zimalowa m'mapapo mwachindunji popeza mpweya sudutsanso m'mphuno mmene umasefedwa ndi kunyowetsedwa. Makhololo amauma msanga, kachubu n'kutsekeka.

Choncho chimene azaumoyo angatenge ku Breatheasy ndi muyeso wa kukonzeka. Kholo lokonzeka ndi limene lasintha kachubu kangapo namwino akungoyang'ana, limadziwa zizindikiro za kutsekeka monga kubanika, kulowa m'kati kwa nthiti ndi kusintha mtundu kwa milomo, ndipo limatha kupumira mwana kudzera pa kachubu. Kusaina pepala loti laphunzitsidwa si umboni. Aphunzitsidwe anthu awiri pabanja, chifukwa mayi nayenso amadwala ndi kupita kumaliro. Mwana atuluke ndi kachubu kapadera kofanana ndi kamene wavala, kena kocheperako pang'ono, ndi choyamwira chopopa ndi manja kapena phazi. Zimenezi ziziyenda naye kulikonse.

Mlangizi wazaumoyo wa m'deralo ndi namwino wa pachipatala chapafupi ayenera kudziwa za mwanayo asanafike, ndi kuonetsedwa kasinthidwe ka kachubu iwonso. Odzipereka a m'mudzi angathandize poona ngati malo ophikira ali kutali ndi pogona mwana, ngati madzi salowa pakhosi posamba, ndi ngati banja lakonzeratu njinga kapena galimoto ya usiku. Kutulutsa mwana popanda zimenezi, n'kumati ku Cape Town zinatheka, ndi kusenzetsa kholo katundu amene kumeneko chipatala chinkasenza nalo limodzi.